Kalembedwe ka Mbiri ya Wandale Wobadwira m'Banja la Ndale: Chitsanzo cha Julian Amery

Munthu amene akufuna kulemba mbiri ya wandale yemwe bambo ake analinso wandale amakumana ndi msampha umodzi waukulu, womwe ndi kuganiza kuti dzina la banja lafotokoza kale zonse. Wolemba akakodwa mu msampha umenewu amangondandalika makolo, sukulu ndi maudindo, kenaka n'kunena kuti mwana anatengera bambo ake, ndipo owerenga amatseka nkhaniyo asanamudziwe munthu weniweniyo. Ntchito ya wolemba mbiri yotere ndi kulekanitsa zimene munthuyo anapatsidwa pobadwa ndi zimene anasankha yekha atakula, chifukwa pa zoyambazo sitingamuyamikire kapena kumuimba mlandu, koma pa zachiwirizo ndi pamene pali khalidwe lake. Pofuna kuti njira ya kalembedwe kameneka ioneke bwino, ndigwiritsa ntchito moyo wa Julian Amery, phungu wa chipani cha Conservative ku Britain, amene anabadwa pa 27 Malichi 1919 ndi kumwalira pa 3 Seputembala 1996. Ndamusankha chifukwa banja lake linali la ndale mbali zonse ziwiri, kwawo ndi kuchikamwini komwe, komanso chifukwa mawu ake anakhudza dziko la Nyasaland pa nthawi yowawa kwambiri ya mbiri yathu.

Yambani ndi mndandanda wa zaka

Musanalembe chiganizo chilichonse choweruza, tengani pepala ndi kulemba zaka zokhazokha pamodzi ndi zimene zinachitika, popanda mawu oyamikira kapena onyoza. Pa Julian Amery mndandandawo ukhoza kuyenda motere: anaphunzira ku Eton ndi ku Balliol College ya ku Oxford, anagwira ntchito za usilikali ndi ukazitape pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mu 1944 anali ku Albania, anapikisana pa chisankho cha 1945 ku Preston koma anagonja, anapambana mpando wa Preston North mu 1950 ndi kuusunga mpaka 1966, anabwereranso ku Nyumba ya Malamulo mu 1969 ngati phungu wa Brighton Pavilion ndi kukhala komweko mpaka 1992, pamene analowa m'nyumba ya House of Lords, yomwe ndi nyumba yachiwiri ya malamulo ku Britain. Pambali pa mndandanda umenewu lembani wina wa maudindo a m'boma: wachiwiri kwa nduna ku unduna wa zankhondo kuyambira 1957, wachiwiri kwa nduna ku unduna woyang'anira maiko a atsamunda kuyambira 1958 mpaka 1960, nduna yoona za asilikali a m'mlengalenga mpaka 1962, nduna ya zandege mpaka 1964, kenaka maudindo a zomangamanga, zanyumba ndi zamaiko akunja m'boma la Edward Heath pakati pa 1970 ndi 1974.

Mndandanda wachitatu ndi wa banja, ndipo muuike moyandikana ndi iwiri ija kuti zaka zionekere pamodzi. Mukatero mudzaona zinthu zimene wolemba wothamanga sangazione. Mwachitsanzo, mudzaona kuti chaka cha 1950 ndi chomwe Julian analowa m'Nyumba ya Malamulo komanso ndi chomwe anakwatira Catherine, mwana wa Harold Macmillan, ndipo mudzaonanso kuti udindo wake woyamba m'boma unabwera mu 1957, chaka chomwe apongozi akewo anakhala nduna yaikulu. Kuona zimenezi sikutanthauza kuti mwapeza umboni wa kukondera, koma kukupatsani funso loyenera kulifufuza.

Fotokozani zimene banja linamupatsa, ndipo muzitchule mayina

Sikokwanira kulemba kuti munthu anachokera m'banja lotchuka. Muyenera kuonetsa chimene kutchukako kunali, ndi momwe kunagwirira ntchito pa moyo wa mwanayo. Bambo ake a Julian, Leo Amery, anali phungu wa ku Birmingham kuyambira 1911 mpaka 1945, anali nduna yoyang'anira maiko a atsamunda kuyambira 1924 mpaka 1929, ndipo pa nthawi ya nkhondo anali nduna yoona za India m'boma la Winston Churchill. Ndi Leo yemweyo amene pa 7 Meyi 1940 anaimirira m'Nyumba ya Malamulo ndi kuuza Neville Chamberlain, mtsogoleri wa chipani chake chomwe, kuti atule pansi udindo. Mwana wokulira pa khomo lotere amalandira zinthu zitatu zooneka: anthu odziwana nawo amene angamutsegulire zitseko, chizolowezi cha kuyankhula za boma ngati nkhani ya pa chakudya cha madzulo, ndi chikhulupiriro china chake chimene amachimva asanafike pa msinkhu wochitsutsa. Kwa a Amery chikhulupirirocho chinali chakuti ufumu wa Britain ndi chinthu chabwino chofunika kuchiteteza ndi kuchilimbitsa. Julian anachitenga kwathunthu, mpaka anadzipereka kumaliza kulemba mbiri ya Joseph Chamberlain, wandale amene bambo ake ankamulemekeza kwambiri pa nkhani za ufumuwo.

Apa ndi pamene wolemba ayenera kusamala, chifukwa m'nyumba yomweyo munakulira mwana wina amene anayenda njira yosiyana kotheratu. John Amery, mkulu wake wa Julian, anagwirizana ndi boma la Hitler pa nthawi ya nkhondo, ankayankhula pa wailesi ya ku Germany motsutsana ndi dziko lake, ndipo anayesa kukopa akaidi a nkhondo a ku Britain kuti amenyere nkhondo mbali ya Germany. Nkhondo itatha anazengedwa mlandu woukira dziko, anavomera mlanduwo, ndipo ananyongedwa pa 19 Disembala 1945. Julian anayesetsa kupulumutsa mbale wakeyo, mpaka anapita ku Spain kukafunafuna umboni wakuti John anali atakhala nzika ya kumeneko, pakuti akanakhala wotero mlandu woukira Britain sukanamugwira. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ine ndimaona kuti ulendo umenewu ukuonetsa za mtima wa Julian zambiri kuposa zimene maudindo ake onse angaonetse. Koma phindu la nkhaniyi kwa wolemba mbiri ndi lakuti imagwetsa maganizo akuti magazi ndiwo amalamula zonse. Ana awiri a bambo mmodzi, oleredwa pa khomo limodzi, wina anamenyera nkhondo dziko lake ndipo wina analipereka kwa adani. Pa banja lililonse la ndale limene mukulilemba, funafunani mbale amene sanatsate njira ya makolo, chifukwa iyeyo ndi amene adzakuthandizeni kuona kuti amene anatsatayo anachita kusankha.

Nkhani zopweteka ngati imeneyi muzilembe mwaulemu ndi mwachidule. Musaibise, popeza inachitikira poyera ndipo ili m'mabuku a khothi, koma musaisandutse chokometsera chokopa owerenga.

Tanthauzirani mawu akuti Conservative molingana ndi munthuyo

Owerenga Chichewa ambiri akamva za wandale wa Conservative amaganiza za munthu wosafuna kuti zinthu zisinthe, womamatira miyambo ya makolo. Tanthauzo limeneli ndi loona pang'ono, koma silithandiza ngati simunena chimene munthuyo ankafuna kusunga, ndi chimene ankalola kuti chisinthe. Julian Amery ankafuna kusunga mphamvu za Britain kunja kwa malire ake. N'chifukwa chake m'zaka za 1953 ndi 1954 anali mmodzi wa atsogoleri a gulu la aphungu lotchedwa Suez Group, limene linkatsutsa boma la chipani chawo chomwe pa ganizo lochotsa asilikali a Britain m'dera la ngalande ya Suez ku Egypt. Pambuyo pake anakhala munthu wodziwika m'bungwe la Monday Club, lomwe linakhazikitsidwa mu 1961 ndi anthu osakondwa ndi momwe Macmillan ankafulumizira kupereka ufulu kwa maiko a mu Africa, ndipo pa nkhani ya Rhodesia ankatsutsa zilango za zachuma zimene Britain inaika pa boma la Ian Smith. Komabe munthu yemweyo ankafuna kuti Britain igwirizane kwambiri ndi maiko a ku Ulaya, zomwe anzake ambiri a mbali yakeyo ankadana nazo, ndipo pa 29 Novembala 1962 ndi iye amene anasainira m'malo mwa Britain pangano lopanga ndege ya Concorde pamodzi ndi France.

Mukalemba zonsezi pamodzi, owerenga adzaona kuti dzina la chipani ndi chipewa chachikulu chimene chimavalidwa ndi mitu yosiyanasiyana. Adzaonanso chinthu china chofunika pa funso la chikamwini lija. Macmillan ndiye anayankhula ku Cape Town pa 3 Febuluwale 1960 za mphepo ya kusintha imene inkaomba mu Africa, pomwe mkamwini wake anathera zaka zambiri za moyo wake wa ndale ali ku mbali ya anthu amene ankafuna kuti mphepoyo ichedwe. Choncho ngakhale kuti anthu a nthawi imeneyo ankadandaula kuti Macmillan wadzaza boma ndi achibale, ndipo dandaulolo muyenera kulilemba, simunganene kuti Julian anali mthunzi chabe wa apongozi ake. Umboni wina ndi wakuti Macmillan atachoka pa udindo mu 1963, Julian anapitiriza kukhala nduna pansi pa Alec Douglas-Home, ndipo Heath anamupatsanso maudindo mu 1970. Margaret Thatcher, amene ambiri angaganize kuti anali wa maganizo ofanana naye, sanamuike m'boma lake.

Sankhani tsiku limodzi ndi kuliunika mpaka pansi

Mbiri imene imathamanga mofanana pa zaka zonse za munthu imakhala ngati kalata yofunsira ntchito. Sankhani nthawi imodzi kapena ziwiri pamene munthuyo anayankhula kapena kuchita chinthu chimene chinakhudza miyoyo ya anthu, ndipo muimepo nthawi yaitali. Kwa wolemba wa ku Malawi, tsiku lotere pa moyo wa Julian Amery ndi 3 Malichi 1959.

M'bandakucha wa tsikulo Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la State of Emergency m'dziko la Nyasaland, chipani cha Nyasaland African Congress chinaletsedwa, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda anamangidwa ndi kutumizidwa ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Ku Nkhata Bay asilikali anaombera khamu la anthu amene anasonkhana pa doko pomwe abale awo omangidwa anawatsekera m'sitima ya Mpasa. Tsiku lomwelo ku London, nduna yoyang'anira maiko a atsamunda, Alan Lennox-Boyd, inauza Nyumba ya Malamulo kuti boma linali ndi uthenga wakuti kunkakonzedwa chiwembu chopha azungu, amwenye ndi anthu akuda ogwirizana ndi boma. Julian Amery, ngati wachiwiri wake, anayankhulanso pa mkangano wa tsikulo, ndipo anakuza nkhani ya chiwembucho pochiyerekeza ndi kuphana kumene kunachitika ku Kenya.

Kuti mulembe ndime imeneyi moona, pali zinthu zitatu zoti muchite, ndipo dongosolo lake ndi lofunika. Choyamba, werengani mawu enieni a munthuyo. Zonse zoyankhulidwa m'Nyumba ya Malamulo ya ku Britain zimalembedwa m'kaundula wotchedwa Hansard, amene amapezeka pa intaneti kwaulere, ndipo mukhoza kufufuza ndi tsiku kapena ndi dzina la phungu. Musadalire zimene wolemba wina ananena kuti Amery ananena, chifukwa mawu akadutsa m'makutu atatu amafika atasintha. Werengani mkangano wonse wa tsikulo, kuphatikizapo zimene aphungu a chipani cha Labour ankafunsa, kuti mudziwe funso limene iye ankayankha.

Chachiwiri, yezani kulemera kwa udindo wake pa tsikulo. Amery sanali nduna yaikulu ya undunawo. Pamwamba pake panali Lennox-Boyd komanso Lord Perth, ndipo amene analengeza lamulolo ku Zomba anali Armitage. Kulemba ngati kuti Amery ndiye analamula kuti anthu aomberedwe kungakhale bodza, ndipo bodza lotere limafooketsa mlandu weniweni umene ulipo. Mlandu weniweniwo ndi wa mawu: iye anathandiza kupatsa aphungu ndi anthu a ku Britain chifukwa chovomerezera zimene zinkachitika ku Nyasaland.

Chachitatu, ikani mawuwo pambali pa zimene zinadzapezeka pambuyo pake. Boma la Britain linatuma bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin, ndipo lipoti lake linatuluka mu Julayi 1959. Lipotilo linavomereza kuti boma linali ndi chifukwa chochitirapo kanthu, ndiponso kuti pa msonkhano wa m'tchire wa pa 25 Januwale 1959 atsogoleri ena a Congress anakambapo za chiwawa, koma silinapeze umboni wa chiwembu chokonzedwa chopha anthu ambiri monga chinafotokozedwera ku London. Linanenanso kuti Dr Banda sanali pa msonkhanowo, kuti kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kunali kozika mizu pakati pa anthu pafupifupi onse, kuti asilikali ndi apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu zosaloledwa ndi malamulo monga kutentha nyumba, ndipo linatcha Nyasaland dziko lolamulidwa ndi apolisi, ngakhale kuti linati mwina ndi kwa kanthawi. Anthu 51 anaphedwa pa nthawiyo malinga ndi chiwerengero cha boma, 20 mwa iwo ku Nkhata Bay, ndipo oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Boma la Macmillan linakana mbali zambiri za lipotilo ndipo linasindikiza yankho la Armitage pamodzi nalo.

Mukayala zitatuzi motsatana, simufunikanso mawu aukali. Owerenga adzaona okha mtunda umene unalipo pakati pa zimene zinanenedwa m'Nyumba ya Malamulo ku London ndi zimene zinachitika ku Nkhata Bay. Ine ndimakhulupirira kuti wolemba wa Chichewa ali ndi udindo wapadera pa ndime imeneyi, chifukwa mbiri za Amery zolembedwa ku Britain zimatha kuthera masamba ambiri pa Albania, Suez ndi Concorde n'kungodutsa pa Nyasaland, pomwe kwa ife 3 Malichi ndi tsiku limene dziko lonse limakumbukira anthu ofera ufulu. Kulemba mbiri kuchokera kumene inu mwaima sikukondera, malinga ngati simukusintha zimene zinachitika.

Musasiye zimene anachita bwino pa ntchito yake

Mtima ukawawa pa nkhani ya 1959, pamakhala chiyeso chosiya china chilichonse chimene chingamuonetse munthuyo ngati waluso. Chiyesochi muchikane. Mu 1960, chaka chimene Iain Macleod, yemwe analowa m'malo mwa Lennox-Boyd mu 1959, anamasula Dr Banda pa 1 Epulo, Amery anathera miyezi yambiri ku Cyprus akukambirana ndi Archbishop Makarios, mtsogoleri wa Agiriki a pa chilumbacho, za malo amene asilikali a Britain adzasunge chilumbacho chikalandira ufulu. Zokambiranazo zinali zovuta ndi zochedwa, koma zinatha ndi mgwirizano wa malo a Akrotiri ndi Dhekelia, okwana masikweya mailosi 99, omwe ali m'manja mwa Britain mpaka lero, ndipo Cyprus inalandira ufulu pa 16 Ogasiti 1960. Munthu akhoza kutsutsa cholinga cha ntchitoyo, koma sangakane kuti inafuna kupirira ndi nzeru. Kulimba mtima kwake pa nkhondo ku Albania nakonso n'kosakayikitsa.

Kumene mungapeze umboni, ndi momwe mungaukhulupirire

Makalata ndi zolemba za Leo ndi Julian Amery zimasungidwa ku Churchill Archives Centre ku Cambridge, mafayilo a unduna wa atsamunda ali ku National Archives ku Kew, ndipo za mbali ya kuno zili ku nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba. Si aliyense angakwanitse ulendo wa ku Britain, koma mndandanda wa zimene zili m'malo amenewa umapezeka pa intaneti, ndipo Hansard yokha ingakupatseni zaka zoposa 35 za mawu a munthuyu. Buku limene Julian analemba la moyo wake, Approach March, lotuluka mu 1973, muliwerenge ngati umboni wa momwe iye ankafunira kukumbukiridwa. Mabanja a ndale amasunga makalata awo mosamala ndipo nthawi zambiri ndi iwo amene amasankha zoti zisungidwe, choncho mawu a m'banjamo amamveka kwambiri kuposa a anthu amene anakhudzidwa ndi zochita zawo. Kuti muwongole kupendekera kumeneku, funafunani umboni wa anthu a ku Nyasaland amene anaonekera pamaso pa bungwe la Devlin, ndiponso zolemba za amene anamangidwa ku Kanjedza, ku Gwelo ndi ku Khami.

Polemba, sungani mayina a anthu ndi a malo monga amalembedwera kwawo, ndipo maudindo a ku Britain muwafotokoze m'Chichewa chomveka m'malo mongowatchula, popeza wowerenga ayenera kudziwa ngati udindowo unali wolamula kapena wothandizira. Pamene mukunena maganizo anu, nenani poyera kuti ndi anu, ndipo pamene mukunena zimene zinachitika, onetsetsani kuti mukhoza kuloza pamene mwazitenga. Mukamaliza kulemba koyamba, tengani cholembera ndi kudula mzere pansi pa chiganizo chilichonse chimene chikutchula Leo Amery kapena Harold Macmillan, kenaka muwerenge zotsalazo zokha. Ngati zotsalazo zikuonetsabe munthu amene anapita ku Spain chifukwa cha mbale wake, amene anaukira boma la chipani chake pa nkhani ya Suez, amene anayankhula za chiwembu pa 3 Malichi 1959, ndi amene anakhala miyezi akukangana ndi Makarios pa za malire a Dhekelia, mukhoza kupitiriza kukonza zilembo ndi zaka. Ngati zotsalazo ndi maudindo okhaokha, bwererani ku Hansard ndi kuwerenganso mikangano ya zaka zimene munazidumpha.